Mwayamba kale makapisozi: magazi ayezedwe njira iti pa matenda a nkhupakupa?

Alamu anga anafika kwathu pa boma la Nkhotakota m'mawa wa Lachisanu, mwezi wa May, atakwera kabaza. Amakhala chakumtunda kwa mtsinje wa Bua, ndipo masiku amenewo anali kumweta udzu wofolera nkhokwe. Thupi linali litatentha masiku asanu, mutu ukuwawa ngati wina akuukhoma ndi mpini, msana ndi khosi zili gwa. Kuchipatala chaching'ono cha kwawoko anawabaya chala, kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mzere umodzi, nawapatsa Panado. Pobwerera anadzera pa golosale nagula makapisozi a amoxicillin, ndipo pamene ankafika kwathu anali atamwa masiku atatu popanda kusintha.

"Alamu, magazi anayeza kale, akuti mulibe kanthu. Nanga chikundidwalitsachi n'chiyani?"

Ndinawapempha kuti apinde buluku. Kuseri kwa bondo kunali kachilonda kakang'ono ngati njere ya nandolo, pakati pali bii ngati pamene munthu wazimitsira ndudu, m'mbali muli psuu. Kena kotero kanali m'chiuno, podutsa lamba. M'mphechepeche munali mwanabele. Iwo anati, "Timeneti situwawa ayi, ndimayesa ndi minga."

Ndagwira ntchito ya mu labu nthawi yaitali, ndipo mawu akuti "mulibe kanthu" amandipweteka mtima kuposa mawu ena onse amene odwala amatuluka nawo m'chipatala. Magazi samayezedwa kamodzi n'kuoneka zonse. Kuyeza kulikonse kuli ndi chimene kukufunafuna, kuli ndi tsiku lake labwino, ndipo kapisozi amene munthu wameza dzulo amatha kusintha yankho la lero. Njira zina zimafuna kachilombo kenikeniko: zimenezi zimagwira msanga matenda akangoyamba, koma mankhwala akalowa zimasowa chogwira. Njira zina zimafuna chizindikiro choti thupi linamenyana ndi kachilomboko: izi zimachedwa masabata, ndipo mankhwala akabwera msanga chizindikirocho chimatha kuchepa kapena osaoneka n'komwe. Munthu amene wamwa makapisozi masiku atatu kapena anayi amakhala pakati pa ziwirizi, kachilombo kathawa, chizindikiro sichinafike. Ambiri amene amauzidwa kuti mulibe kanthu amakhala ali pamenepa.

Tikufuna chiyani m'magazimo?

Nkhupakupa zimene zimaluma anthu kuno kunyanja si zamtundu umodzi, ndipo matenda ake si amodzi. Amene alamu anga anali nawo, malinga ndi maonekedwe, ndi aja oyamba ndi kachilombo ka Rickettsia africae. Kamafalitsidwa ndi nkhupakupa za mtundu wa Amblyomma, zija za mawangamawanga pamsana zimene mumaziona pa bere la ng'ombe ndi pansi pa mchira. Zikuluzikuluzo sindizo zimavuta anthu kwenikweni. Ndi ana ake, tating'ono ngati ufa wa tsabola, timene timadikira pa udzu mvula ikatha n'kukwera munthu tambirimbiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake tizilonda takuda timakhala tiwiri, titatu, nthawi zina kuposa apo. Kutentha thupi kumayamba pakapita masiku 5 mpaka 7 chilumidwire, mwina kufika 10. Kachilomboka kanapezeka koyamba m'magazi a wodwala ku Zimbabwe mu 1992, dzina lake n'kukhazikika mu 1996, choncho n'zosadabwitsa kuti ambiri amene anaphunzira zachipatala kalekale sakaganizira msanga. M'bale wake, Rickettsia conorii, amadza ndi nkhupakupa za agalu, kawirikawiri kachilonda kamakhala kamodzi, totupa timatuluka thupi lonse mpaka m'manja ndi kumapazi, ndipo ndi woopsa kuposa mnzakeyo.

Palinso nkhufi, nkhupakupa zofewa zokhala m'ming'alu ya nyumba zozira, m'makola a nkhumba ndi m'mauna a njiri. Zimaluma usiku, zimayamwa kanthawi kochepa n'kubwerera mumng'alu, sizisiya kachilonda kakuda, ndipo munthu sadziwa n'komwe kuti walumidwa. David Livingstone, yemwe uja anakumana ndi Jumbe pansi pa mtengo kuno ku Nkhotakota, analemba mu 1857 za kutentha thupi kotsatira kulumidwa ndi nkhufi. Kachilombo kake ndi Borrelia duttonii, dzina lochokera kwa Joseph Dutton, amene ankafufuza matendawa ku Congo nawatenga iye mwini, namwalira komweko mu 1905. Thupi limatentha masiku ngati atatu, limazizira pafupifupi sabata, kenako limatenthanso, mobwerezabwereza. Kwa mayi woyembekezera ndi matenda oipa kwambiri, amapititsa padera. Ku Tanzania, makamaka chigawo cha Dodoma, ndi odziwika bwino. Kuno amabisala m'dzina la malungo.

Ndipo kwa ife a ku Nkhotakota pali mlendo wachitatu amene si wa nkhupakupa konse, koma sitingamusiye panja: kaodzera. Kashembe akaluma, pamalopo pamatha kutuluka chilonda chimene munthu wosazolowera angachisokoneze ndi cha nkhupakupa, ngakhale kuti chimakhala chachikulupo, chotupa ndi chowawa. Aliyense wokhala m'mphepete mwa nkhalango ya Nkhotakota, wotola nkhuni, wowedza mu Bua, wogwira ntchito m'nkhalangomo, akatentha thupi ndipo malungo osapezeka, kaodzera ayenera kukhala m'maganizo. Palibe kapisozi wa pa golosale amene amamugwira, ndipo akasiyidwa amapha.

Kapisozi wake uti?

Funso ili ndi limene odwala ambiri amalephera kuyankha. "Aja ofiira ndi achikasu" si yankho, chifukwa mitundu ya makapisozi imasintha malinga ndi fakitale. Bwerani ndi kapepala kake kapena kabotolo, ngakhale katatha. Chifukwa chake ndi ichi. Amoxicillin, penicillin ndi jakisoni wa ceftriaxone sizigwira Rickettsia ngakhale pang'ono, choncho amene wamwa zimenezi kachilombo kake kakadali m'thupi ndipo kuyeza kofuna kachilomboko kukadali ndi mwayi. Koma mankhwala omwewo amapha Borrelia ya nkhufi, ndiye kuti kagalasi kakhoza kuoneka koyera pamene matenda analipo. Doxycycline amagwira zonse ziwiri, ndipo amagwira msanga, kotero ndi amene amafufuta mapazi kwambiri. Bactrim, amene anzathu ambiri a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, sachiza Rickettsia, ndipo mankhwala a gulu lake amadziwika kuti akhoza kukulitsa matendawa. Amene akumwa Bactrim yodzitetezera asaisiye paokha, koma anene. Doxycycline ndi Bactrim zimachepetsanso tizilombo ta malungo pang'onopang'ono popanda kuwachiza bwinobwino, zimene zimapangitsa kuti woyang'ana pa kagalasi avutike kutipeza.

Tsono tione njirazo.

Kachipangizo kobaya chala sindikhalitsapo. Kamayankha funso limodzi lokha, la malungo, ndipo kamayankha bwino. Amoxicillin sakasokoneza. Choyenera kudziwa n'chakuti kamatha kuonetsa mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atamaliza LA n'kuchira, choncho amene anamwa LA sabata ziwiri zapitazo, lero watenthanso thupi, mizere iwiriyo isatseke maganizo. Ndipo munthu wa ku Salima kapena ku Nkhotakota kukhala ndi malungo ndi matenda a nkhupakupa nthawi imodzi si chodabwitsa.

Kagalasi ndi maikulosikopu

Njira iyi ndi yakale, yotsika mtengo, ndipo kwa ine ndi imene imabweza zambiri pa dontho limodzi la magazi. Timadontheza magazi pa kagalasi, dontho lina lokhuthala, lina lopyapyala, timaumitsa, timathira utoto wa Giemsa, n'kuyang'ana. Pa kagalasi kamodzi komweko munthu wodziwa ntchito akhoza kuona tizilombo ta malungo, akhoza kuona Borrelia ngati kaulusi kopotanapotana pakati pa maselo, akhozanso kuona kachilombo ka kaodzera ndi kamchira kake. Magazi akakhala aawisi, osathira utoto, ka kaodzera kamaoneka kakuvinavina, kakukankha maselo ofiira uku ndi uku. Ukakaona kamodzi suiwala. Kaodzera wa kuno alibe kachipangizo kobaya chala ngati ka malungo, maso a munthu wa mu labu ndiwo chida, ndipo pamene tizilombo tachepa pamafunika kubwereza masiku angapo kapena kuzunguza magazi mu kachubu kuti tiunjikane. Akapezeka, mankhwala alipo ndipo ndi aulere. Masiku ano kuli ngakhale mapiritsi a fexinidazole, amene anayesedwa kuchipatala cha Rumphi, omwa masiku 10.

Kufooka kwa kagalasi kuli pawiri. Choyamba, Rickettsia saoneka pamenepo. Ndi kakang'ono kwambiri ndipo kamakhala mkati mwa maselo a m'makoma a mitsempha, osati m'magazi oyenda. Kwa alamu anga kagalasi sikakanatha kunena kuti "nayu", kakanangothandiza kuchotsa malungo ndi kaodzera pamndandanda. Ena amaona ngati kumeneko n'kutaya nthawi. Ine ndimati ku Nkhotakota kuchotsa kaodzera pamndandanda ndi theka la ntchito.

Chachiwiri ndi nthawi. Borrelia imadzaza m'magazi pamene thupi latentha, ndipo thupi likazizira imasowa. Mankhwala oigwira akangolowa, m'maola ochepa imatha m'magazi. Ndiye ngati mukukayikira matenda a nkhufi, magazi atengedwe thupi lili juu, piritsi loyamba lisanamezedwe. Kutenga magazi ndi mphindi zisanu basi, sikuchedwetsa mankhwala. Ndipo pempho lilembedwe momveka. Pa kapepala pakangolembedwa malungo, diso la woyang'ana limafuna timphete ta malungo, ndipo pa tsiku limene magalasi adzaza tebulo, kaulusi kamodzi kotuwa n'kosavuta kukadumpha. Uzani adokotala kuti mumagona m'nyumba yozira, khola la nkhumba lili pafupi, ndipo kutentha thupi kukubwera n'kumapita. Mawu amenewo akalembedwa, woyang'anayo amayang'ana mosiyana.

Pali chinanso chokhudza matenda a nkhufi chimene chimaopsa abale a wodwala. Maola oyambirira atamwa mankhwala, wodwala akhoza kunjenjemera kwambiri, thupi kutentha kuposa kale, kenako thukuta ndi kutsika kwa BP. Madokotala amati Jarisch-Herxheimer. Si kuti mankhwala amuda, ndi tizilombo tikufa tambiri nthawi imodzi. Koma kukhoza kukhala koopsa, makamaka kwa oyembekezera, n'chifukwa chake piritsi loyamba liyenera kumwedwa kuchipatala, wodwala n'kukhalapo maola angapo akuyang'aniridwa.

Kuwerenga maselo a magazi, kumene pa kapepala amalemba FBC, kumapezeka m'zipatala za maboma, ku Salima ngakhalenso ku Nkhotakota, makina ndi mankhwala ake zikakhalapo. Sikutchula dzina la matenda. Ma platelet, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, amatsika pa malungo, pa Rickettsia, pa Borrelia ndi pa kaodzera pomwe. Ubwino wake ndi wakuti makapisozi sakubisa kanthu: kumaonetsa mmene thupi lilili lero, ngati magazi achepa, ngati wodwala ayenera kugonekedwa. Kuyeza chiwindi ndi impso n'chimodzimodzi. Kwa amene wamwa mankhwala masiku atatu koma sakupeza bwino, ndingasankhe kumeneku ndisanaganize za njira zodula.

Kumeretsa tizilombo m'botolo, kumene kumachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, Rickettsia sikumugwira, chifukwa samera kunja kwa selo. Ntchito yake ndi kupeza ena ofanana naye m'zizindikiro, makamaka tayifodi, ndipo ndi njira imene makapisozi amaiwononga kwambiri. Komabe tayifodi wosamva amoxicillin ndi Bactrim anafala ku Malawi kuyambira cha mu 2011, choncho amene wamwa awiriwa botolo lake likhoza kumerabe. Za Widal, woyeza tayifodi, ndi Weil-Felix, woyeza Rickettsia, ndinene mwachidule: sungani ndalama zanu. Weil-Felix ndi wa mu 1916, sagwiritsa ntchito Rickettsia n'komwe koma kachilombo kena kotchedwa Proteus kamene kamangofanana naye pang'ono. Amaphonya odwala enieni ambiri, naloza anthu amene alibe matendawa. Widal naye wamwetsa anthu ambiri mankhwala a tayifodi amene analibe.

PCR: magazi kapena nkhanambo?

Mawu akuti PCR ambiri tinawazolowera pa Covid ndi pa kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi. Makina amafunafuna chibadwa cha kachilombo, ndipo akachipeza palibe kutsutsa, amatha kutchula ngakhale mtundu wake. Koma makina a GeneXpert amene ali m'zipatala za maboma amagwira ntchito ndi timakatiriji topangidwira matenda ake, monga TB ndi HIV, ndipo ka Rickettsia palibe. Kuyeza kumeneku n'kwa ma labu a kafukufuku ndi ma labu akuluakulu monga a ku Johannesburg. Chipatala cholipira chikakuuzani kuti chingathe, funsani kumene magaziwo akupita, ayenda bwanji, ndipo yankho libwera liti. Kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kumeneko mwina ndi poyambira chabe ulendo wa magaziwo.

Ngati mwaganiza zolipira, apa ndi pamene muyenera kusankha mwanzeru. PCR ya magazi, otengedwa mu kachubu ka chivindikiro chapepo, imaphonya odwala ambiri a Rickettsia ngakhale asanamwe kanthu, pa chifukwa chomwe chija chakuti kachilomboka kamakhala m'makoma a mitsempha. Mwayi wake uli m'sabata yoyamba. Doxycycline akalowa, pakangopita tsiku limodzi kapena awiri mwayiwo umatsikiratu. Kulipira PCR ya magazi pa tsiku lachinayi la doxycycline kuli ngati kutchera mono madzi ataphwa.

Kachilonda kakuda kaja ndi nkhani ina. Pamenepo ndi pamene nkhupakupa inalavulira, tizilombo tinaunjikana pamenepo, ndipo chibadwa chake chimatha kupezekabe kwa masiku angapo mankhwala atayamba. Wachipatala amanyowetsa nkhanamboyo, amaichotsa bwinobwino, n'kupukuta pansi pake ndi kathonje ka pa kamtengo mozunguliza. Nkhanamboyo ndi kathonjeko zimaikidwa mu kachubu kouma, koyera, n'kusungidwa mozizira. Sizifuna singano, sizipweteka kwenikweni, zimapirira ulendo kuposa magazi. Kwa munthu amene wayamba kale doxycycline ndipo ali ndi kachilonda, iyi ndiyo njira yokhayo yofuna kachilombo imene ndingaikirepo ndalama. Choncho musamatokosole nkhanamboyo kunyumba, musaithire mankhwala otsukira mano kapena phulusa. Imeneyo ndiyo mboni yanu.

Kwa Borrelia ya nkhufi kachilonda kulibe, ndiye ndi magazi basi. PCR imaona bwino kuposa kagalasi, imatha kupeza tizilombo ngakhale m'masiku amene thupi lazizira, koma nayo mankhwala akalowa sikhalitsa.

Maantibodi, njira yochedwa

Thupi likakumana ndi kachilombo limapanga zida zomenyera kachilomboko kokha, zimene timati maantibodi, ndipo zimatsala m'magazi nkhondo itatha. Kuziyeza, makamaka ndi njira yotchedwa IFA, ndiko kumene mabuku amati kutsimikiza kwenikweni kwa matenda a Rickettsia. Koma taonani nthawi yake. M'masiku 7 mpaka 10 oyamba, magazi a odwala ambiri saonetsa kanthu. Kwa Rickettsia africae kuchedwako n'koposa, maantibodi amayamba kuoneka cha m'sabata yachitatu kapena yachinayi. Wodwala amakhala atachira kalekale, wabwerera kumunda. Ndipo amene analandira doxycycline m'masiku oyambirira, kapena amene matenda ake anali ochepa mphamvu, akhoza osapanga maantibodi okwanira kuoneka mpaka kalekale. Munthu wotere anadwaladi, anachiradi ndi mankhwala oyenera, koma pepala lidzanena kuti sanadwalepo.

Mbali inayo ndi yovutanso. Maantibodi a IgG amakhala miyezi, ngakhale zaka. Mnyamata amene wakula akuweta ng'ombe m'madambo a ku Khombedza kapena ku Thavite walumidwa ndi nkhupakupa kosawerengeka, ndipo magazi ake akhoza kuonetsa maantibodi lero chifukwa cha matenda a zaka zitatu zapitazo, pamene chomutenthetsa thupi lero ndi tayifodi. IgM, mtundu wina wa maantibodi, imene ena amaidalira kuti ndiyo ya matenda atsopano, imanamiza kawirikawiri. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwanira. Pamafunika magazi awiri, oyamba pamene munthu akudwala, achiwiri patapita masabata awiri mpaka anayi, ndipo kwa Rickettsia africae ndi bwino kupendekera kumapetoko. Onse ayezedwe limodzi, ndipo achiwiriwo akwere kanayi, mwachitsanzo kuchoka pa 1:64 kufika pa 1:256. Ndiye kuti oyamba aja ayenera kukhala mufiriji yoziziritsa mpaka kuuma kwa mwezi wathunthu, magetsi azime asazime, ndipo wodwala ayenera kubweranso ali bwinobwino, kulipira thiransipoti kudzangobayidwa. Ndi angati amabwera? Ndipo zonsezi zikatheka, yankho limangoti gulu la Rickettsia, silisiyanitsa africae ndi conorii.

Ndiye kodi n'kopanda ntchito? Ayi. Kwa ofufuza amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa matendawa m'boma lathu, ndi chida chabwino, ndipo ndimalakalaka kafukufuku wotere atachuluka kuno kunyanja. Kwa amene anadwala kwambiri mpaka kugonekedwa ndipo madokotala akufuna kudziwa chinali chiyani, n'koyenera. Koma kwa wodwala amene ali pa benchi lero, sikumuthandiza kusankha mankhwala. Ndipo kusagwiritsidwe ntchito poona ngati munthu wachira. Ndaonapo anthu akumwa doxycycline mwezi wathunthu chifukwa pepala likuonetsabe maantibodi. Maantibodi si kachilombo, mankhwala sawachotsa.

Ndipatukeko pang'ono. Amene amafufuza pa intaneti za nkhupakupa amakumana ndi dzina lakuti Lyme pena paliponse, n'kubwera kudzapempha kuyezedwa zimenezo. Lyme ndi matenda a ku America, ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, dzina lake ndi la tauni ya ku Connecticut kumene anadziwikira cha mu 1975, ndipo amafalitsidwa ndi nkhupakupa za mtundu wa Ixodes za kumeneko. Amene anakhalako n'kuyenda m'nkhalango zawo ali ndi chifukwa chofunsira. Amene sanachokepo kuno asataye ndalama, chifukwa kuyeza koyamba kwa Lyme kumatha kuloza munthu amene ali ndi Borrelia ya nkhufi kapena chindoko, poti tizilombo take n'tapachibale. Nawonso maantibodi a Lyme amachedwa masabata, mankhwala oyambidwa msanga amawachepetsa, ndipo amakhalitsa munthu atachira.

Njira imene sionekera pa mndandanda wa mitengo

Ndi maso ndi manja a dokotala. Kuvula wodwala n'kuyang'ana m'khwapa, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo, pansi pa mabere, m'tsitsi, pakati pa matako, malo amene munthu sadziona yekha ndipo amachita manyazi kuonetsa. Pakhungu lakuda totupa tofiira sitioneka bwino, koma nkhanambo yakuda ndi mwanabele wa pafupi nayo zimapezeka ukazifuna. Kutentha thupi, mutu, kachilonda kotero, ndi mbiri yoyenda mu udzu kapena kusamala ziweto, malungo atachotsedwa, n'zokwanira kuyamba mankhwala. Madokotala padziko lonse sadikira pepala pa matenda amenewa. Kwa wamkulu ndi doxycycline wa 100 mg kawiri pa tsiku, kawirikawiri kwa sabata imodzi, womwera madzi ambiri, osagona pansi atangomwa, osaphatikiza ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi. Kwa oyembekezera ndi ana, adokotala ndiwo asankhe mankhwala ndi muyezo wake.

Kenako mankhwalawo amasanduka kuyeza paokha. Rickettsia akakumana ndi doxycycline, thupi limazizira m'masiku awiri, akachulukitsa atatu. Likapanda kuzizira pofika tsiku lachitatu, musawonjezere masiku, musasinthe kapisozi pa golosale. Bwererani, kagalasi kabwerezedwe, kaodzera ndi tayifodi afunidwenso. Kufooka kwa njirayi ndikuvomereza: doxycycline amachiza matenda ambiri, kotero kuchira sikutsimikiza dzina. Koma wodwala anabwera kudzachira.

Ena amafunsa ngati asiye kaye mankhwala masiku angapo kuti magazi aonetse bwino. Ayi ndithu. Tizilombo tothawa m'magazi sitibwerera pa tsiku limene mwapangana ndi labu, maantibodi safulumira chifukwa mwasiya kumwa, ndipo amene ali ndi Rickettsia conorii akhoza kufika poipa m'masiku omwe akudikirawo. Chimodzimodzi kuchedwetsa piritsi loyamba mpaka Lolemba poti labu yatseka. Ngati magazi angatengedwe tsopano lino, atengedwe, mankhwala atsatire. Ngati sizingatheke, mankhwala atsogole. Ndipo pamene wodwala wasokonezeka mutu, akugona kosadzuka, maso achita chikasu, akupuma movutika, mkodzo wasiya, kapena akutuluka magazi m'mphuno ndi m'kamwa, palibenso zoyerekeza njira, ndi kuthamangira kuchipatala chachikulu. Wotuluka magazi atalumidwa ndi nkhupakupa kapena atasenda nyama anene msanga, chifukwa kuli matenda a vairasi otchedwa Crimean-Congo amene makapisozi sawagwira, ndipo magazi ake ndi oopsa kwa omusamalira ndi kwa ife a mu labu.

Alamu anga ndinapita nawo kuchipatala m'mawa womwewo. Poti anali atamwa amoxicillin yekha, PCR ikanakhala ndi mwayi, ya nkhanambo makamaka, koma ndalama yotumizira kutali panalibe, ndipo yankho likanafika iwo atachira. Tinabwereza kachipangizo ka malungo, mzere umodzi. Kagalasi kanayang'anidwa mofatsa chifukwa cha kumene amakhala, ndipo munalibe malungo, munalibe kaodzera. Za Borrelia kagalasiko sikakanatha kulankhula motsimikiza chifukwa cha amoxicillin uja, koma tizilonda tiwiri tija tinkaloza kwina. Ma platelet anali otsika pang'ono. Adokotala anawavula, anaona okha, nalemba doxycycline. Ndinapempha kuti m'kabuku ka kuchipatala mulembedwe tsiku limene thupi linayamba kutentha, tsiku limene anayamba amoxicillin, ndi ola limene anameza doxycycline woyamba, kuti zikavuta wina wodzawaona asayambire pa mdima. Loweruka anagona tsiku lonse. Lamlungu madzulo anapempha nsima ya chinangwa ndi usipa.

Patapita sabata, mwana wawo wachisamba, amene ankamanga mitolo ya udzu uja, naye anatentha thupi. Mayi ake sanadzere pa golosale. Anamukhazika pa mkeka pabwalo, namufufuza thupi lonse ngati akusankha mpunga, ndipo anakapeza kuseri kwa khutu, m'mphepete mwa tsitsi. Anafika naye kuchipatala tsiku lachiwiri, asanamwe china chilichonse koma Panado, chala chawo chili pa kachilondako kuti adokotala asakaphonye.